Fayilo yatsopano ikubweretsa 403 pomwe zakale zikutseguka bwinobwino

Muli bwanji anthu anga, lero tikambe za vuto lija lopweteketsa mutu, mwaika fayilo yatsopano mu /var/www/html, foda yomwe mumakhala mapeji a webusaiti pa seva, mwatsegula pa browser koma ikukupatsani 403 Forbidden pomwe mapeji akale onse akutseguka bwinobwino. Ambiri apa amathamangira chmod 777, chonde musatero, mwatsegulira aliyense chitseko ndipo nthawi zambiri vutolo silichoka n'komwe.

Yambani ndi log, fayilo yomwe seva imalembamo zolakwika. Ngati muli pa Apache (pulogalamu ya seva yomwe imatumiza mapeji ku browser) ya Rocky Linux kapena AlmaLinux lembani tail /var/log/httpd/error_log. Mukaona Permission denied ndi nambala 13 ndiye kuti seva yaletsedwa kuwerenga fayiloyo, osati kuti yasowa ayi. Kenako ls -l muone zilolezo, fayilo ikhale 644 (rw-r--r--), foda 755 (rwxr-xr-x), chifukwa Apache imawerenga ngati user wotchedwa apache osati inuyo.

Tsono nanga zonsezi zili bwino koma 403 idakalipo? Apa mvetserani bwino. Lembani ls -Z. Pa makina amenewa pali mlonda wa chitetezo wotchedwa SELinux, iyeyu amamata chizindikiro pa fayilo iliyonse, ndipo Apache amaloledwa kuwerenga zomwe zili ndi httpd_sys_content_t. Muona kuti zakale zonse zili nacho koma yatsopanoyo yalembedwa user_home_t, kapena admin_home_t ngati munaipangira mu /root. Zatheka bwanji? Munaipanga mu home yanu n'kuisamutsa ndi mv, ndiye mv imasamutsa fayilo ndi chizindikiro chake chakale chomwe, zili ngati munthu wasamukira mudzi wina koma chiphaso chake chikuonetsabe kwawo kwakale, mlonda sangamulowetse. Mukanagwiritsa ntchito cp yokopera bwenzi fayiloyo itatenga chizindikiro cha foda yomwe yafikiramo, n'chifukwa chake tsiku lina zimayenda tsiku lina ayi osadziwa chasintha n'chani.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi basi, sudo restorecon -Rv /var/www/html, ndipo ikuonetsani fayilo iliyonse yomwe yakonzedwa. Sipafunikanso kuyambitsanso Apache.

Ena akuuzani kuti lembani setenforce 0, yozimitsa chitetezo cha SELinux, zithe. Poyesera kwa mphindi imodzi kuti mutsimikize kuti ndi SELinux palibe vuto, koma bwezerani setenforce 1 nthawi yomweyo, ine zimandiwawa kuona seva ili pa intaneti chitetezo chitazimitsidwa chifukwa cha fayilo imodzi. Mukafuna umboni osazimitsa kanthu, tsegulani /var/log/audit/audit.log mufufuze mawu oti denied, dzina la fayilo yanu mulipeza pomwepo. Mukamaliza restorecon ija, bwererani pa browser mudine F5.