Fodya Amene Anabala America

[Pa sikirini: mapu a gombe la kum'mawa kwa America]

Moni nonse amene mukutionera. Mukafunsa mwana wasukulu wa ku America kuti dziko lake linayamba bwanji, kawirikawiri adzakuuzani za sitima ya Mayflower, imene inafika ku Plymouth mu 1620 itanyamula anthu ofuna kupembedza mwaufulu. Nkhaniyo ndi yoona ndithu, komanso imakoma m'makutu. Koma pamene sitimayo inkakocheza, Angerezi anzawo anali atatha kale zaka 13 kummwera, ku Virginia, ndipo iwowa ulendo wawo sunali wa mapemphero. Anapita kukasaka ndalama. Lero tikamba za amenewa, chifukwa mwa mapulezidenti asanu oyamba a America, anayi anali a ku Virginia, ndipo onsewo anakulira m'chuma cha fodya wolimidwa ndi akapolo.

Mu Meyi 1607 amuna ndi anyamata 104 anatsika m'mphepete mwa mtsinje umene anautcha James, dzina la mfumu yawo, n'kumanga mudzi wa Jamestown. Anatumidwa ndi kampani ya ku London yotchedwa Virginia Company, imene eni masheya ake ankalota golide. Golideyo sanapezeke. Malo amene anasankha anali dambo la udzudzu, madzi ake amchere, ndiponso anafika pakati pa chilala choopsa. Ambiri mwa iwo khasu sankalidziwa n'komwe. Chimanga ankachipeza kwa eni nthaka, anthu a mfumu yaikulu Powhatan imene inkalamulira mitundu pafupifupi 30, lero mogula, mawa molanda. Powhatan atatopa nawo anawatsekera njira ya chakudya. M'nyengo yozizira ya 1609 kulowa 1610 anadya akavalo, agalu, makoswe, ena mpaka mitembo ya anzawo. Anatsala anthu ngati 60 okha. Mu Juni 1610 anakwera sitima kuti azibwerera kwawo, koma asanatuluke mumtsinje anamva kuti sitima zina zafika ndi chakudya ndi bwanamkubwa watsopano, basi n'kutembenuka.

Chimene chinawapulumutsa ndi njere zing'onozing'ono m'manja mwa munthu wina, John Rolfe. Ambiri amamudziwa chifukwa anakwatira Pocahontas, mwana wa Powhatan, mu 1614, koma chachikulu chimene anachita chinachitika zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Eni nthaka anali naye fodya wawo, wamakani kwambiri, amene osuta a ku London sankamufuna. Rolfe anafesa mbewu ya fodya wofewa wochokera kumadera a Caribbean, kumene Asipanya ankalamulira msika. Nthakayo inamulola. Pofika 1617 Virginia inatumiza ku England fodya wolemera makilogalamu pafupifupi 9,000, ndipo anthu anali kubzala fodya ngakhale m'misewu ya Jamestown. Zinafika poti bwanamkubwa anachita kulamula kuti aliyense ayambe walima maekala awiri a chimanga asanagwire fodya. Anthu amene anangotuluka kumene m'njala yodya makoswe, ankafunika kuwakakamiza kulima chakudya!

Choseketsa china nachi. Mfumu James inkadana ndi fodya, moti mu 1604 inalemba kabuku komunyoza kuti ndi wonunkha komanso wowononga mapapo. Koma msonkho wake utayamba kulowa m'thumba la boma, fungo lija linapiririka.

[Pa sikirini: munda wa fodya, zigafa]

Amene munalimapo fodya mukudziwa kuti mbewuyi imafuna zinthu ziwiri mosanyengerera: manja ambiri ndi nthaka yatsopano. Kufesa nazale, kuwokera, kupalira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira ndi mbozi, kukolola, kupachika m'zigafa, kusankha, ntchito siitha chaka chonse. Ndiye nthawi imeneyo kunalibe feteleza wam'matumba. Munda unkaguga pakangotha zaka zitatu kapena zinayi, mlimi n'kukaswa mphanje kwina. Kwinako kunali kwa eni ake. Pa 22 Malichi 1622 Opechancanough, amene analowa m'malo mwa Powhatan, anaukira minda ya Angerezi n'kupha anthu 347 tsiku limodzi. Kubwezera kwake kunatenga zaka, kuwotcha midzi ndi minda ya chimanga, ndipo malire a azungu anangopitirira kusendera kumadzulo.

Nanga manja? Poyamba anali amphawi a ku England komweko. Munthu ankasaina kuti agwira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri pobweza ndalama ya ulendo, ndipo amene wamulipirira ulendowo ankapatsidwa maekala 50 pa mutu uliwonse. Mukuona mmene olemera ankalemererabe: antchito ndi ako, malo a antchitowo ndi akonso.

Chaka cha 1619 chisungeni. Kumapeto kwa Julayi, m'tchalitchi cha ku Jamestown, munakhala msonkhano woyamba wa aphungu osankhidwa m'madera a Angerezi ku America, ndipo ina mwa nkhani zimene anakambirana inali mtengo wa fodya. Patangopita milungu yochepa, mu Ogasiti, sitima yotchedwa White Lion inakocheza pa Point Comfort ili ndi anthu akuda opitirira pang'ono 20. Anali ochokera ku Angola, olandidwa panyanja m'sitima ya Apwitikizi imene inkapita nawo ku Mexico. Anawasinthanitsa ndi chakudya. Nyumba ya malamulo ndi ukapolo zinafika m'chilimwe chimodzi, pamtsinje umodzi, ndipo zinakulira limodzi.

Ukapolo sunakhwime tsiku lomwelo. M'zaka zoyamba anthu akuda ena ankatha kumasuka n'kukhala ndi minda yawoyawo. Malamulo ndi amene anatseka zitseko chimodzichimodzi. Mu 1662 aphungu anagamula kuti mwana azitengera kwa mayi ake: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, kaya bambo ake ndi mwini munda yemweyo. Mu 1676 Nathaniel Bacon anatsogolera chipolowe chimene chinawotcha Jamestown, ndipo m'gulu lake munali azungu osauka ndi akuda, mfuti m'manja, mbali imodzi. Eni minda zimenezo zinawasowetsa tulo. M'zaka zotsatira anatsamira kwambiri pa akapolo ochokera ku Africa, ndipo pofika 1705 malamulo onse a ukapolo anawamanga mtolo umodzi, olekanitsa mzungu ndi wakuda pa chilichonse.

[Pa sikirini: migolo ya fodya padoko]

Tsopano tifike pa ndalama, chifukwa mkangano ndi Britain unaphukira pamenepa. Ku Virginia fodya ndiye anali ndalama. Msonkho, chindapusa, malipiro, zonse zinkawerengedwa m'fodya. Kuyambira 1730 mlimi ankapereka fodya wake kunyumba zoyendera za boma, wosakhala bwino ankawotchedwa, wabwino ankamulembera chikalata, ndipo chikalatacho chinkayenda m'manja mwa anthu pogula zinthu.

Koma msika unali umodzi wokha. Lamulo la 1660 linkati fodya wa ku Virginia asagulitsidwe kudziko lina lililonse asanadzere ku England. Amalonda a ku London, ndipo pambuyo pake a ku Glasgow, ankamulandira n'kukamugulitsanso ku France ndi kumayiko ena, phindu n'kutsala kwa iwo. Mlimi wamkulu ankadinda fodya m'migolo yamatabwa yolemera makilogalamu 450 kapena kuposa, n'kutumiza kwa wamalonda wake. Wamalondayo agulitse, achotse za sitima, za inshulansi, za msonkho, za iye mwini, kenako amugulire mlimiyo zovala, mipando, vinyo ndi ngolo, zonse pangongole ya fodya wa chaka chamawa. Kalata yonena mtengo inkafika patapita miyezi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Nanga amene ali pakati pa nyanja ya Atlantic? Mlimi wa kwathu amene anatulukapo ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Limbe, pepala lili m'manja, ngongole ya zipangizo itadya pafupifupi zonse, mkwiyo umenewu saufunira womasulira. Kusiyana kwake n'kwakuti alimi tikukamba apawa ankagona m'nyumba zosanja, thukuta likutuluka mwa ena.

George Washington, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa America, anali mmodzi mwa iwo. Fodya wake ankapita ku kampani ya Robert Cary ku London, ndipo makalata ake ndi odzaza madandaulo: mitengo yotsika, katundu wachabechabe, ngongole yosatha. Cha m'ma 1765 anayamba kuusiya ulimi wa fodya pamunda wake wa Mount Vernon n'kulowa tirigu, amene akanatha kumugaya ndi kumugulitsa yekha. Thomas Jefferson anadzalemba kuti ngongolezi zinkachoka kwa bambo kupita kwa mwana, moti alimi a ku Virginia anasanduka ngati katundu wa makampani a ku London.

Pali kamlandu kena kamene ndimakakonda. Abusa a mpingo wa Anglican ankalipidwa fodya wolemera makilogalamu oposa 7,000 pachaka. Mu 1758 mvula inavuta, fodya anakwera mtengo pafupifupi katatu, ndiye aphungu anati chaka chimenecho abusa alandire ndalama pa mtengo wakale. Abusa anakadandaula ku London, mfumu n'kufafaniza lamulolo. M'busa wina, James Maury, anapita kukhoti kukafuna zotsala zake. Mu Disembala 1763 loya wachinyamata wosadziwika, Patrick Henry, anaimirira n'kunena kuti mfumu imene ikukana malamulo othandiza anthu ake yasanduka wankhanza ndipo siyeneranso kumveredwa. Ena m'khotimo anang'ung'udza kuti uku n'kuukira boma. Oweruza anapatsa m'busayo peni imodzi. Zaka 12 nkhondo ya ufulu wa America isanayambe, mawu a chipanduko anamveka kale pa mlandu wa mtengo wa fodya.

Chaka chomwecho cha 1763 Britain, itagonjetsa France, inaletsa azungu kukhazikika kumadzulo kwa mapiri a Appalachian pofuna kupewa nkhondo ndi eni nthaka. Kwa anthu a minda yoguga, ena monga Washington atayika kale maso pa malo a ku Ohio, uku kunali kuwatsekera mawa. Zotsatira zake mwina munazimva: msonkho wa masitampa mu 1765, tiyi wotayidwa m'nyanja ku Boston mu 1773, mfuti zoyamba ku Lexington ndi Concord mu Epulo 1775. Sindikunena kuti anthuwa anamenya nkhondo pongothawa ngongole ayi. Mfundo yoti munthu asakhomeredwe msonkho ndi nyumba ya malamulo imene alibemo phungu ankaikhulupiriradi, ndipo kumpoto kunali zifukwa zakezake. Koma ngati mukudabwa kuti anthu olemera chotere, okhala ndi zambiri zoti n'kutaya, analowa bwanji m'chipanduko, yang'anani m'mabuku a ngongole zawo.

[Pa sikirini: chikalata cha ufulu cha 1776]

Mu Novembala 1775 bwanamkubwa wa Britain ku Virginia, Lord Dunmore, analengeza kuti kapolo aliyense wa munthu woukira, akathawa n'kulowa usilikali wa mfumu, adzamasulidwa. Eni minda ambiri amene ankazengereza anasankha mbali ya chipanduko nthawi imeneyo. Pa 4 Julayi 1776 chikalata cha ufulu chinavomerezedwa, chonena kuti anthu onse analengedwa ofanana. Wolemba wake, Jefferson, pa moyo wake wonse anakhala ndi akapolo oposa 600. Ndiye ufulu unali mbali iti? Zimatengera amene mukumufunsa. Harry Washington, kapolo wa ku Mount Vernon wobadwira ku Africa, anathawira kwa Angerezi mu 1776. Nkhondo itatha anamutengera ku Nova Scotia, ku Canada, ndipo mu 1792 anawoloka nyanja kukakhala ku Sierra Leone ali mfulu.

Nkhondoyonso fodya anaithandiza. Mu 1777 nthumwi za America ku Paris, Benjamin Franklin ali momwemo, zinapeza ngongole polonjeza Afalansa migolo 5,000 ya fodya. Angerezi ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mu 1781 ankawotcha nkhokwe za fodya ku Petersburg ndi madera ozungulira. Mu Okutobala chaka chomwecho Cornwallis, mkulu wa asilikali a Britain, anagonja kwa Washington ndi Afalansa ku Yorktown, doko la fodya, mtunda waufupi kuchokera ku Jamestown.

Nanga ngongole zija? Pangano la mtendere la ku Paris la 1783 linati zibwezedwe. A ku Virginia, amene gawo lawo linali lalikulu kuposa la boma lina lililonse, anazemba zaka zambiri, mpaka mu 1802 boma la America linavomera kulipira Britain mapaundi 600,000 kuti nkhaniyo ithe.

Malamulo oyendetsera dziko a 1787 anawakomeranso. Pogawa mipando ya aphungu, akapolo asanu ankawerengedwa ngati anthu atatu. Kuvota sankavota, koma kuchuluka kwawo kunkawonjezera mphamvu za ambuye awo. Kalembera wa 1790 anapeza anthu pafupifupi 3.9 miliyoni, mwa iwo akapolo pafupifupi 700,000, ndipo oposa 290,000 anali ku Virginia kokha. Pa zaka 36 zoyamba za upulezidenti, 32 mpando unali wa a ku Virginia: Washington, Jefferson, Madison ndi Monroe.

Washington, uja anausiya fodya msanga, anamwalira mu 1799 ali ndi chuma, ndipo mu wilo yake analamula kuti akapolo ake enieni, oposa 120, adzamasulidwe. Jefferson ngongole sanatulukemo. Anamwalira pa 4 Julayi 1826 ali ndi ngongole yoposa madola 100,000, ndipo mu Januwale 1827 anthu 130 a pamunda wake wa Monticello anaikidwa pamalonda pamodzi ndi mipando ndi ziweto, mabanja n'kubalalika. Nthawi imeneyo nthaka ya Virginia inali itatopa, ndipo eni minda ambiri anali atapeza malonda ena: kugulitsa anthu awo kuminda ya thonje ya ku Alabama, Mississippi ndi Louisiana. Za thonjelo tidzakamba muvidiyo yotsatira. Tsalani bwino.