Zimene ndinaona ku Xi'an: kulandira mlendo, chakudya ndi za makolo

A Gulupu, mafumu onse, makolo, a komiti ya sukulu ndi aphunzitsi anzanga, ndathokoza kuti mwandipatsa mpata woyankhula pa msonkhano uno. Ambiri mukudziwa kuti ndinapita ku China pamodzi ndi aphunzitsi ena kukaona mmene anzathu amaphunzitsira ana, ndipo za m'kalasi ndinafotokozera kale aphunzitsi anzanga. Lero ndikufuna ndikuuzeni za anthu amene anatilandira mumzinda wa Xi'an, m'chigawo cha Shaanxi, makamaka mmene amadyetsera mlendo ndi mmene amasungira zimene makolo awo anasiya, pakuti kwa iwo mlendo sanalandiridwe mokwanira ngati sanalawe chakudya chawo ndi kumva mbiri ya dera lawo.

Ndiyambe ndi pa chakudya. Akaitana alendo, amakhala pa tebulo lozungulira limene pakati pake pali galasi lalikulu lotembenuka, ndipo ndiwo zonse zimaikidwa pagalasipo kuti aliyense atembenuze n'kutapa zimene akufuna. Palibe amene amapatsidwa mbale yakeyake yodzaza kale. Mlendo wolemekezeka amamukhazika pa mpando woyang'ana kukhomo, ndipo mbale yatsopano ikafika amayamba kuitembenuzira kwa iye. Mwini phwando sadya mwamtendere, maso ake amakhala pa mbale ya mlendo, ndipo ikangoyamba kuchepa amatapa nyama kapena masamba n'kuikamo yekha. Kapu ya tiyi siiloledwa kuuma. Tiyi wake ndi wa masamba okha, wopanda shuga ndi mkaka, ndipo ngakhale madzi akumwa ambiri amakonda otentha.

Ulemu kwa akuluakulu umaonekera m'tinthu ting'onoting'ono. Pogundanitsa matambula, wamng'ono amatsitsa lake kuti likhale m'munsi mwa la wamkulu. Mphatso amapereka ndi kulandira ndi manja awiri, ndipo apa sindinavutike chifukwa ndi zimene inu makolo munatiphunzitsa. Timitengo tiwiri todyera sazika chilili mu mpunga, chifukwa kutero kumafanana ndi lubani amene amayatsira akufa. Chakudya chikatha, anthu amalimbirana kulipira, ndipo mlendo akatulutsa ndalama amamugwira dzanja ndithu.

Ambiri kuno timaganiza kuti Tchaina aliyense amadya mpunga tsiku ndi tsiku, koma kumpoto kwa dzikolo, kumene kuli Xi'an, chakudya chenicheni ndi tirigu. Amapanga mikate yosiyanasiyana ndiponso manudo, ena otambalala ngati lamba, amene wophika amakoka ndi manja uku akuwamenyetsa pa thabwa. Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi chakudya chotchedwa yangrou paomo. Mukakhala pansi amakupatsani mbale yopanda kanthu ndi mkate wolimba, wafulati, ndipo ntchito yanu ndi kuunyemanyema ndi zala mpaka tizidutswa tichepe kwambiri. Ntchitoyi imatenga nthawi, ndipo mphunzitsi amene anatitenga anakana kuti tifulumire. Mukamaliza, mbale imapita kukhitchini, kumene amathiramo msuzi wotentha wa nyama ya nkhosa, n'kubwera nayo pamodzi ndi adyo wonyikidwa m'zotsekemera ndi tsabola. Nthawi yonyema mkate ija ndi imene anthu amacheza, ndipo ndi pamene anatifunsa za mabanja athu, za chimanga, za nyanja yathu, ifenso n'kumva za makolo awo okalamba amene amawasamala. Ndinaona kuti chakudyachi chimakakamiza mlendo ndi mwini mudzi kukhala pansi limodzi asanadye.

Chakudya chimenechi chimatchuka kwambiri m'dera la Asilamu a mtundu wa Hui, pafupi ndi mzikiti waukulu wakale umene unamangidwa mwa mamangidwe a Chitchaina. Xi'an kale ankatchedwa Chang'an, anali likulu la mafumu ambiri, ndipo ndi kumene inkayambira njira ya malonda a silika yopita kumadzulo, motero amalonda a zipembedzo ndi zilankhulo zosiyanasiyana anakhazikika kumeneko. Pakati pa mzinda pali linga la m'zaka za m'ma 1370, lotalika pafupifupi makilomita 14 kuzungulira, ndipo pamwamba pake ndi potambalala moti anthu amapalasapo njinga.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna mafumu amvetsetse. M'chaka cha 1974, alimi a ku Lintong, kum'mawa kwa Xi'an, ankakumba chitsime chifukwa cha chilala, ndipo m'malo mwa madzi anapeza mapale ndi mitu ya ziboliboli zadothi. Nkhani itafika kwa akatswiri, anapeza kuti pansi pa minda imeneyo pali gulu lankhondo lathunthu loumbidwa ndi dothi, asilikali pafupifupi 8,000 pamodzi ndi akavalo ndi magaleta, olondera manda a mfumu Qin Shi Huang, imene inagwirizanitsa China m'chaka cha 221 Yesu asanabadwe. Ndinaima m'mphepete mwa dzenje lalikulu, ndipo ndinaona asilikali a msinkhu wa munthu ataima m'mizere, nkhope zawo zosiyanasiyana, wina wandevu, wina wachinyamata, tsitsi lomangidwa bwino, ngakhale kunsi kwa nsapato ya woponya mivi wogwada kukuoneka mizere yake. Ambiri anapezeka ataphwanyika, ndipo mpaka lero akatswiri akulumikiza zidutswa chimodzichimodzi. Ziboliboli zinali zopakidwa utoto, koma utotowo unkasupuka ukangokumana ndi mpweya, ndipo manda enieni a mfumuyo sanawakumbe mpaka pano, mwa zina poopa kuwononga zimene sangathe kuzisunga. Kudziletsa kumeneku ndinakulemekeza kwambiri. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1987.

Chimene chinandikhudza koposa ziboliboli ndi ana asukulu amene ndinawapeza kumeneko ndi aphunzitsi awo, makope ali m'manja, akujambula ndi kufunsa mafunso. Mwana wa ku Xi'an amatha kufotokozera mlendo mbiri ya kwawo chifukwa anapita kukaiona ndi maso.

Ifenso tili ndi malo amene ali pa mndandanda womwewo wa UNESCO kuyambira 2006, ndiwo mapanga a Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Nditafunsa ana a Sitandade 7 ndi 8 amene anafikako, manja amene anakwera anali owerengeka, ndipo zojambula zina m'mapangamo anthu azilembalemba ndi makala ndi choko. Choncho pempho langa kwa a komiti ndi mafumu ndi lakuti tikakolola tisonkhe kangachepe, tipeze galimoto, ana a makalasi awiriwa apite ku Chongoni, ndipo agogo awiri kapena atatu odziwa mwambo apite nawo kuti akafotokoze zimene zili zololedwa kufotokozera ana. A Gulupu, ndabweza mawu kwa inu. Zikomo.