Laputopu ikamazima yokha, musathamangire kufomata

Achimwene ndi achemwali, mwaswera bwanji nonse. Uthengawu ndikujambula madzulo ano nditatseka shopu kuno ku boma la Mangochi, chifukwa sabata ino anthu angapo andifunsa funso limodzimodzi, lakuti laputopu yawo ikuzima yokha, kapena ikuuma osalola ngakhale kusuntha mbewa, kapena ikutulutsa sikirini ya buluu ija kenako n'kuyambiranso. Aliyense amamaliza ndi mawu akuti "ingoifomatani". Ndikupempheni kuti kufomata, kumene ndi kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, kukhale komaliza, chifukwa ngati vuto lili m'zitsulo za makinawo, mudzafufuta zonse koma matenda adzatsala momwemo.

Tiyambe ndi kutentha. Ayi, pepani, ndisanafike pa kutentha, choyamba ndi mafayilo anu. Laputopu ikadali kuyaka, ngakhale kwa mphindi khumi zokha, koperani zonse zofunika muike pa fulashi kapena pa hard disk yakunja, ndipo mukatero mutsegule mafayilo awiri kapena atatu pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akoperadi. Mphunzitsi wina wa cha ku Namwera ndinamuuza zimenezi, iye anati adzachita Loweruka poti fulashi anali atabwereketsa. Lachinayi makinawo anakana kuyaka, mayeso a ana a kalasi yonse ali momwemo, ndipo anakwera basi kubwera kuno maso ali ofiira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koperani lero.

Tsopano mukhale ngati dokotala amene amafunsa kaye asanapereke mankhwala. Tengani kope mulembe nthawi imene laputopu yazima ndi zomwe mumachita pa nthawiyo, kaya mumaonera kanema, kaya munalumikiza printer, kaya chaja chinali pakhoma kapena ayi. Sikirini ya buluu ikatuluka, ndipo pa Windows 11 yatsopano imatha kukhala yakuda, m'munsi mwake mumakhala mawu a zilembo zazikulu otchedwa stop code, monga MEMORY_MANAGEMENT kapena CRITICAL_PROCESS_DIED. Mawuwo sakhalitsa, choncho ajambuleni ndi foni msanga. Ngati anakudutsani, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe perfmon, musiye mpata, kamzere kopendekera (/), kenako rel. Pamenepo mudzaona mbiri ya makina anu tsiku ndi tsiku, ndipo timitanda tofiira timasonyeza masiku amene china chake chinagwa.

Ndibwereze apa, chifukwa ambiri mumasokoneza. Kuzima kuli mitundu iwiri. Pali kuzima kwa phi, kopanda uthenga uliwonse, ngati munthu wazula waya, ndipo kumeneko kawirikawiri ndi kutentha kapena magetsi. Ndiye pali kuzima kokhala ndi sikirini ya buluu, kumene Windows yaona cholakwika n'kudziimitsa yokha, ndipo kumeneko timakayikira ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za laputopu), RAM (timatabwa tosunga kwakanthawi zimene makina akugwira) kapena disiki. Mukandiimbira, mundiuze kuti ndi mtundu uti mwa iwiriyi.

Za kutentha, inu nomwe mukudziwa mmene kuno kumakhalira mu Okutobala ndi Novembala, pamene ngakhale munthu amasowa pogona. Laputopu zambiri zimakoka mpweya pansi n'kuutulutsa m'mbali kapena kumbuyo, ndipo purosesa, imene ndi ubongo wa makinawo, ikatentha kufika cha m'ma digiri 100 imadzizimitsa kuti isapse. Ikani dzanja potulukira mpweya. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukutuluka wochepa, ndiye kuti fumbi latseka njira, ndipo mukatsegula mudzapeza chinthu chonga thonje lakuda chitamatirira pa timizere ta chitsulo. Chotsani ndi burashi yofewa makina atazima, chaja chitazulidwa, ndipo mugwire fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukupemerera. Laputopu zambiri zimene abale amatibweretsera kuchokera ku Joni zinagwira kale ntchito zaka zingapo, kotero thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, imakhala itauma, koma kusintha imeneyo musiyire amisiri ngati simunachitepo. Mnyamata wina wa ku Malindi ndinamuyeretsera fani, n'kumuuza kuti asamaike makinawo pa matiresi. Patatha mwezi anabwera kudzadandaula kuti ntchito yanga sinagwire, koma pansi pa laputopuyo panali ulusi wa bulangete.

Za chaja sindichedwapo. Yesani ndi batire lokha, kenako yesani ndi chaja, muone pamene ikuzima. Chaja chongogula chifukwa pini yake yalowa, koma mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi imene yalembedwa pansi pa laputopu, chimabweretsa mavuto, makamaka kwa inu amene mumatchaja pa sola ndi inverter yaing'ono. Batire likatupa n'kumakankha malo oyendetsera chala aja, lekani kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo.

Kenako Safe Mode. Gwirani batani la Shift, musalisiye, n'kudina Restart. Musankhe Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako mudine 4. Koma taimani, pali chinthu chimodzi ndaiwala. Ngati disiki yanu inatsekedwa ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows yokiya mafayilo, makina akhoza kukufunsani kiyi ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, choncho muipeze kaye musanayambe. Mu Safe Mode, Windows imayaka ndi ma driver ochepa ofunikira okha. Ngati mmenemo laputopu ikukhala ola lonse osagwa, kawirikawiri wolakwa amakhala pulogalamu kapena driver imene munaika posachedwa. Chotsani chimene munaika komaliza, ndipo ngati ndi driver, pitani ku Device Manager, komwe Windows imaonetsa zipangizo zonse za makina, mutsegule chipangizocho, musankhe Roll Back Driver. Muonenso ngati muli ndi ma antivirus awiri, chifukwa amalimbana okhaokha, ndipo mapulogalamu obedwa amene timapatsana pa fulashi aja amabwera ndi zambiri zosaoneka.

Mukatero, tsegulani Command Prompt, kazenera kakuda kolembamo malamulo, mutasankha Run as administrator, mulembe sfc, mpata, kamzere kopendekera, scannow, mawu amodzi osadula. Lamuloli limayendera mafayilo a Windows n'kukonza owonongeka, omwe amachuluka magetsi akamazima pamene makina akulandira update. Likanena kuti lalephera kukonza ena, pali lamulo lina lotchedwa DISM, koma limenelo limafuna intaneti, ndiye mukhale ndi bandulo yokwanira.

Tsopano ndifike pa RAM, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ineyo ndinagwa. Zaka zapitazo mayi wina wa ku Monkey Bay, amene amalemba maakaunti a malo ogona alendo, anandibweretsera laputopu yotulutsa sikirini ya buluu kawiri kapena katatu pa tsiku. Chimene chinandisokoneza n'chakuti stop code imasinthasintha, lero ina, mawa ina. Ndinafomata, iwo anapita kwawo, patatha masiku atatu anabwerera. Ndinafomatanso ndi Windows ya pa fulashi ina poganiza kuti yoyamba inali yoipa, koma anabweranso, ulendo wonsewo akulipira okha thiransipoti. Ndinali nditayesa RAM, ndisaname, ndinayesa, koma ndinayesa mwachidule, makina n'kunena kuti palibe vuto, ine n'kukhulupirira. Kusinthasintha kwa stop code kuja ndiko kunali chizindikiro, chifukwa RAM yowonongeka imaipitsa chilichonse chimene chagwera pamalo owonongekawo, ndipo Windows imangoloza chala pulogalamu imene yapezeka pamenepo nthawi imeneyo.

Ndiye muchite motere. Dinani Windows ndi R, mulembe mdsched, m, d, s, c, h, e, d, musankhe kuyambiranso nthawi yomweyo. Mayeso akangoyamba, dinani F1, musankhe Extended, kenako F10. Ndibwereze, F1, Extended, F10, chifukwa mukapanda kutero makina amachita mayeso apakatikati, omwe aja anandinamiza ine. Mayeso aatali amatha kutenga maola angapo, ndipo nthawi zina amaoneka ngati aima pamalo amodzi, koma musazimitse, chaja chikhale pakhoma, muwasiye usiku wonse ngati n'kotheka. Zotsatira zimatuluka pakona mukalowa mu Windows, ndipo ngati sizinaoneke, zifuneni mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika zake, pa dzina la MemoryDiagnostics-Results.

Ngakhale mayesowo anene kuti zonse zili bwino, ngati laputopu yanu ili ndi timatabwa tiwiri ta RAM, yesani kamodzikamodzi. Zimitsani, zulani chaja, chotsani batire kapena mumasule waya wake mkatimo, mugwire kaye chitsulo china kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke. Kankhirani kunja timapini tiwiri ta m'mbali, kathabwako kadzadzuka kokha, ndipo mukagwire m'mbali, osati pa mano agolide aja. Siyani kamodzi, gwiritsani ntchito makina tsiku lonse, mawa lake musinthe. Tsiku lonse, osati mphindi makumi awiri. Kwa mayi aja, nditachotsa kachiwiri, laputopu inakhala sabata yathunthu osagwa, ndipo nditakabwezera inagwa tisanamalize n'kumwa tiyi komwe. Ndinawabwezera ndalama ya kufomata konse kuwiri. Dziwaninso kuti laputopu zina zopyapyala RAM yake inawotchereredwa pa bolodi, ndipo imeneyo musayese kuizula.

Disiki ndi yotsala. Mukamamva kaphokoso ka kete kete mkatimo, kapena mafayilo akumakana kutseguka, kapena mwaona INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, musaivutitse ndi mayeso ambirimbiri, koperani zanu kaye, kenako muganize zogula disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamasonyeza thanzi la disiki, ndipo kakalemba Caution musachedwe.

Zonsezi zikayesedwa, kutentha kulibe, RAM ili bwino, disiki ili bwino, koma makina akugwabe, pamenepo ndiye tingakambe za kufomata. Amene mukadali pa Windows 10 mukumbukire kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chipangizo cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0 chimene laputopu zakale zambiri zilibe, choncho tione kaye ngati yanu ingalandire. Mukabwera ku shopu, mubwere ndi chaja chenichenicho chimene mumagwiritsa ntchito kunyumba, kope lija mwalembamo nthawi, ndi chithunzi cha stop code pa foni. Lachisanu ndimatseka masana, ndiye mufike m'mawa.