Kasungidwe ka Ekadashi kwa Ife Okulira pa Nsima

Hare Krishna, abale ndi alongo nonse, ndikukupatsani moni mwaulemu. Ndikujambula mawu awa chifukwa Lamlungu lapitali, titamaliza kirtan, kuimba pamodzi mayina a Ambuye Krishna, ku kachisi wa Radha Radhanath ku Chatsworth kuno ku Durban, anthu atatu anandifunsa funso limodzimodzi, lakuti Ekadashi, tsiku lathu losala kudya, angaisunge bwanji munthu amene kwawo akanena kuti wadya amatanthauza kuti wadya nsima. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe kamodzi m'chinenero chathu, kuti amene ali ku Johannesburg ndi amene anabwerera kumudzi amve nawo. Chonde mumvetsere mpaka kumapeto, popeza malangizo a m'mawa wa tsiku lotsatira ndi amene ambiri amawaphonya.

Ndiyambe ndi tsikulo. Mawu akuti Ekadashi ndi a m'chinenero cha Sanskrit, ndipo amatanthauza tsiku la 11 pa kawerengedwe ka mwezi wakumwamba. Limafika kawiri pa mwezi, koyamba pamene mwezi ukukula ndipo kachiwiri pamene ukuchepa, kotero kuti pa chaka timasala masiku 24, kapena 26 m'chaka chimene kalendala yathu yawonjezera mwezi. Musamawerenge nokha, ndiponso musamangotengera uthenga wa pa WhatsApp wochokera ku India, chifukwa tsikuli limawerengedwa potsata nthawi imene dzuwa limatulukira pamalo pamene inu muli, ndipo nthawi zina la ku Vrindavan, ku India, limasiyana ndi la ku Durban kapena la ku Lilongwe ndi tsiku lathunthu. Funsani ku kachisi kalendala ya mzinda wanu, mulembe masikuwo papepala, mumate pamwamba pa chophikira pamene maso anu amafika m'mawa uliwonse.

Tsopano za chakudya. Lamulo lake ndi lalifupi: kuyambira kutuluka kwa dzuwa pa Ekadashi mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira, sitidya mbewu zamaso za mtundu wa chimanga ndiponso sitidya za mtundu wa nyemba. Kwa ife zimenezi zikutanthauza nsima ya ufa woyera ndi ya mgaiwa, phala, mpunga, mapira, mawere, buledi, mandasi, zitumbuwa, chigumu, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, zitheba ndi soya. Thobwa ndi maheu zilinso m'gulu lomweli, ngakhale kuti ndi zakumwa, ndipo ndanena dala chifukwa mlongo wina anasala bwinobwino tsiku lonse koma akuziziritsa kukhosi ndi maheu, osazindikira kuti akumwa chimanga. Nyama, nsomba, mazira, anyezi ndi adyo sindizitchula, poti zimenezo tinazisiya kale masiku onse.

Zotsala ndi zambiri, ndipo apa ife tili ndi mwayi kuposa mmene tikuganizira. Mbatata, chinangwa, mbatatesi, maungu, nthochi, mapapaya, mapeyala, mkaka, chambiko ndi mtedza, zonsezi n'zololedwa. Futali, amene agogo athu ankaphika ndi mbatata ndi nsinjiro popanda kudziwa za Ekadashi, ndi chakudya chokwanira cha tsikuli, ndipo ine ndimamuona kuti amakhalitsa m'mimba kuposa zambiri zimene zimaphikidwa ku makachisi. Amene mukugwira ntchito yolemetsa, monga ya zomangamanga kapena yonyamula katundu, mukhoza kuphika kondowole, koma samalani ndi kumene ufawo wachokera. Ine ndinagulapo ufa wa chinangwa umene unagayidwa pa chigayo chimene chinali chitangogaya chimanga, ndipo nditausefa ndinapeza timisere tachikasu pa sefa. Kuyambira pamenepo ndimasinja ndekha makaka mu mtondo wotsuka bwino, n'kusunga ufawo m'chigubu chakechake. Mafuta ophikira akhale a mpendadzuwa, a mtedza kapena ghee (mafuta oyengedwa kuchokera ku batala), osati a soya kapena a chimanga, ndipo zokometsera zogula zaufa muziwerenga kaye zimene zalembedwa papaketi, chifukwa hing (chokometsera chofala pa maphikidwe a ku India) wogulitsidwa m'masitolo kawirikawiri amasakanizidwa ndi ufa wa tirigu kapena wa mpunga. Pali odzipereka ena amene amapewanso tomato, mabilinganya ndi ndiwo zamasamba, ndipo zimenezo n'zabwino kwa amene analangizidwa motero ndi guru, mphunzitsi wawo wa zauzimu, koma musazisandutse ndodo yokwapulira anzanu amene angoyamba kumene.

Zonse ndatchulazi ndi mpanda chabe, ndipo nyumba yake ndi imene ndikufuna tikhalitsepo. Mawu amene malemba amagwiritsa ntchito ponena za kusala ndi upavasa, amene tanthauzo lake ndi kukhala pafupi. Timachepetsa kuphika, kutafuna ndi kutsuka mapoto kuti nthawi imeneyo tikhale pafupi ndi Krishna. Ndikuvomereza pamaso panu kuti chaka changa choyamba ndinachita zosemphana ndi zimenezi. Ndinkadzuka n'kuyamba kuganiza za mmene ndingakazingire chinangwa kuti chikome ngati tchipisi, ndinkaphika mitundu inayi ya zakudya, ndipo pofika madzulo ndinali nditakhuta kuposa masiku wamba, mikanda yanga yopempherera ili chipachikire pa msomali. Mayi wina wachikulire amene timasenda naye mbatatesi kukhitchini ya kachisi anangondifunsa modekha kuti ndazungulira mikanda kangati tsiku limenelo, ndipo ndinasowa choyankha.

Choncho chitani motere. Madzulo a tsiku la Dashami, limene ndi dzulo lake la Ekadashi, idyani mopepuka, musenderetu mbatata zanu, ndipo mugone msanga. Dzukani kusanache, pafupifupi ola limodzi ndi theka dzuwa lisanatuluke, nthawi imene imatchedwa brahma-muhurta, musambe, muvale zoyera, mukhale pansi patsogolo pa chithunzi cha Ambuye. Tengani mikanda yanu yosemedwa ku kamtengo kopatulika ka tulasi, imene ilipo 108, muigwire ndi chala chachikulu ndi chapakati, cholozera chili kunja kwa kathumba kosungiramo mikandayo, ndipo pa mkanda uliwonse mutchule maha-mantra, pemphero la Hare Krishna lija, yonse momveka m'makutu mwanu. Mukafika pa mkanda waukulu musaudumphe, koma mutembenuze chingwecho n'kubwerera kumene mwachokera. Amene analandira diksha, mwambo wolandiridwa ndi guru kukhala wophunzira wake, analonjeza kuzungulira maulendo 16 tsiku lililonse, monga anakhazikitsira Srila Prabhupada amene anayambitsa ISKCON, gulu lathu la Hare Krishna, ku New York mu 1966, ndipo pa Ekadashi ambiri amawonjezera kufika pa 25. Ngati inu mumazungulira kawiri, tsikuli zungulirani kanayi. Nthawi yopuma masana kuntchito, pamene anzanu akuthamangira kukagula chakudya, inu muli kale ndi nthochi ziwiri ndi mtedza m'chikwama, ndipo mphindi zotsalazo ndi za japa, kutchula maha-mantra pa mikanda, kapena zowerenga malemba.

Chilichonse chimene mwaphika, ngakhale akhale futali wa m'kapoto kakang'ono, musalawe pophika. Pakulani pang'ono m'mbale imene munaipatulira Ambuye okha, muikepo tsamba la tulasi ngati lilipo, mupereke ndi pemphero, ndipo mukatero mudye monga prasadam, chakudya chodalitsidwa ndi Ambuye. Pa tsikuli lilime lisale zinanso: miseche, mikangano ya m'basi, ndi kukalipira ana chifukwa choti njala yakupweteketsani mutu. Sri Chaitanya Mahaprabhu, amene timatsata chiphunzitso chake, amene anabadwira ku Navadvip mu 1486, ali mnyamata anapempha mayi ake, Sachi, kuti asamadye zambewu pa Ekadashi, ndipo anachita zimenezi mopempha ndi mwaulemu. Inunso ngati amuna anu, akazi anu kapena apongozi anu satsata njira imeneyi, aphikireni nsima yawo ndi nkhope yowala, musawalalikire patebulo.

Kwa odwala matenda a shuga, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi onse amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndikunena motsindika kuti mankhwala musasiye, ndipo muzidya pa nthawi yake zakudya zololedwa zija. Kusala kosamwa ngakhale madzi kumachitika makamaka kamodzi pa chaka, pa Nirjala Ekadashi, imene imagwa mu Meyi kapena Juni, ndipo nkhani yake imakhudza Bhima, ngwazi ya m'buku la Mahabharata, amene anadandaula kwa wanzeru Vyasa kuti mimba yake siingapirire kusala kawiri pa mwezi. Kumeneko ndi kwa anthu athanzi okha, ndipo musakuyambe musanafunse adokotala ngati thupi lanu lili ndi vuto lililonse.

Ndifike pa m'mawa wa Dvadashi, tsiku lotsatira. Kusala sikutha pamene mwadzuka, koma kumatha pamene mwamasula mkati mwa nthawi imene kalendala yalemba, imene imatchedwa parana. Nthawiyi imayamba dzuwa litatuluka, ndipo masiku ena imakhala maola angapo pamene masiku ena imakhala yaifupi kwambiri. Kulemera kwa nkhaniyi timakuona mwa mfumu Ambarisha, amene anasunga Ekadashi chaka chathunthu, ndipo pa tsiku lomasula anafikiridwa ndi mlendo wolemekezeka, Durvasa Muni. Mlendoyo anavomera chakudya koma anayamba wapita kukasamba ku mtsinje wa Yamuna, n'kuchedwa kumeneko, nthawi ya parana ikutha. Kudya mlendo asanadye kukanakhala chipongwe, ndipo kuphonya nthawiyo kukanawononga lumbiro lake. Mfumuyo inafunsa anzeru, ndipo inamwa madzi okha, popeza kumwa madzi kumawerengedwa ngati kudya komanso ngati kusadya.

Ife amene timanyamuka kunyumba kusanache kuti tikakwere minibasi, nthawi ya parana imatipeza tili panjira. Choncho usiku wa Ekadashi muike m'chikwama kanthu kakang'ono ka zambewu kamene kanaperekedwa kale kwa Ambuye, kaya ndi kachidutswa ka chapati kapena chimanga chokazinga chodzaza m'dzanja, ndipo mutchere alamu pafoni. Ikalira, nenani pemphero lanu chamumtima, mudye kanthuko muli pampando pomwepo. Amene anasala osamwa madzi ayambe ndi madzi ofunda pang'ono, ndipo nsima aidikire mpaka masana. Kalendala ya mwezi uno ndiitumiza ndikangomaliza kujambula mawuwa, ya ku Durban payokha ndi ya ku Johannesburg payokha, ndipo a kumudzi mundiuze boma limene muli kuti ndikufunsireni yanu. Zikomo kwambiri pomvetsera. Hare Krishna.