Kachidutswa kamene kamasandutsa wogula kukhala wogulitsa

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo, nanu achinyamata muli kumbuyoko tasenderani kuno muzionako pabolodi chifukwa zomwe ndikufuna tikambirane lerozi zimamveka bwino ukamaziona ndi maso. Ndalemba mawu awiri apa. Gula. Gulitsa. Tawayang'anani bwinobwino, kusiyana kwake ndi kachidutswa kakang'ono basi, ka -its- kameneka, koma kasintha munthu yense, uja amatulutsa ndalama tsopano ndi amene akulandira. Chimodzimodzi phunzira ndi phunzitsa. Kusukulu ankatiuza kuti umenewu ndi msintho wochititsa, tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso eti, koma ine chomwe chimandigwira mtima nchakuti chilankhulo chathu chimaona kugulitsa ngati kuchititsa mnzako kuti agule, ndipo kuphunzitsa ndi kuchititsa munthu kuti aphunzire, kutanthauza kuti ngati mwana sanaphunzire kanthu ndiye kuti kuphunzitsako sikunachitike, mawuwo akunena okha.

Nde si ife tokha ayi. A Chizulu ku South Africa amati thenga, kugula, thengisa, kugulitsa. Funda kuphunzira, fundisa kuphunzitsa, ndipo umfundisi amene ena munamumvapo akuchokera pomwepo. A Chishona ku Zimbabwe amati tenga ndi tengesa, dzidza ndi dzidzisa, mphunzitsi ndi mudzidzisi. Ku Rwanda kugura ndi kugurisha, kwiga ndi kwigisha. Ku Uganda m'Chiluganda soma kuwerenga nkukhala somesa kuphunzitsa, mphunzitsi nkukhala omusomesa. Chitumbuka gula, guliska. Chiswahili kopa ndi kukongola, kopesha ndi kukongoza. Mwaonatu, -its-, -is-, -ish-, -isk-, ndi kamwana kamodzi kavala malaya osiyana. Zilankhulo za Chibantu zilipo zoposa 400 ndipo akatswiri amati zonse zinachokera ku chilankhulo chimodzi chomwe chinkalankhulidwa chakumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka masauzande zapitazo. Mjeremani wina, Carl Meinhof, mu 1899 anaika zilankhulozi pambali ndi pambali nkuyamba kulondola mmene malembo ankasinthira kuchoka ku kholo limodzilo, ndiye kachidutswa kathuka ndi kamodzi mwa zinthu zomwe anthu anayenda nazo ulendo wonse uja osataya.

Tsopano tiyeseni limodzi. Amayi apa, tanenani mawu oti kuchititsa munthu kuti aone. Eya, onetsa. Bwanji simunanene kuti onitsa? Palibetu anakuphunzitsani lamulo koma pakamwa pakana pokha. Lamulo lake ndi ili, ngati lembo la liwu la m'tsinde ndi a, i kapena u timaika -its-, monga mangitsa, imitsa, gulitsa, koma likakhala e kapena o timaika -ets-, seketsa, onetsa, topetsa. Timawu tatifupi tija tonse timapita kwa -ets-, dyetsa, mwetsa, gwetsa. Chiswahili chimachita chimodzimodzi, lipa lipisha koma soma somesha. Chishona nachonso, dzidzisa koma tengesa. Koma Chizulu ayi, iwo ndi -is- paliponse, bona nkukhala bonisa, thenga thengisa, nchifukwa chake Mzulu akamaphunzira Chichewa apa mpamene lilime limamuterera.

Pali china chomwe ndimachikonda kwambiri ndipo ndichedwapo pang'ono. Tsiku lina kamwana ka mchemwali wanga, ka zaka zitatu, nsapato itakathina kanabwera kakutsimphina kakukweza phazi m'mwamba nkumati "amalume ndichoketseni nsapato". Tonse tinamva zomwe kamatanthauza, ndipo kunena zoona kanatsata lamulo bwinobwino, choka kuwonjezera -ets-. Koma akuluakulu timati chotsa. Tuluka tulutsa, tsika tsitsa, dzuka dzutsa, kwera kweza, opa opsa. Kodi -its- wapita kuti pamenepa? Nkhani yake njakuti makolo akale aja anali ndi tizidutswa tiwiri tochititsa, kena katali komwe kanabala -its- wathuyu, kena kafupi kwambiri, ka i kokha. Ka i kameneka kanamezedwa, sikamvekanso, koma kasanapite kanaluma lembo loyandikana nalo nkulisintha, k anasanduka ts, r anasanduka z, p anasanduka ps. Chipsera chake nchomwe tikumvachi. Ndipo ku Chiswahili chipsera chomwecho chilipo, anguka kugwa angusha kugwetsa, lala kugona laza kugoneka, ogopa kuopa ogofya kuopsa. Ogopa ogofya, opa opsa, tamvani kufanana kwake, anthu sanakhalepo pansi nkupangana.

Ndiye poti tizidutswa tilipo tiwiri, chilankhulo sichitaya chinthu, chinatigawira ntchito. Lira. Ukaliza belu ndiwe wagwira ndi dzanja lako belulo nkulira. Ukaliritsa mwana wachita china chake chomwe chamufikitsa polira, mwina wamulanda chidole. Kweza katundu, wanyamula wekha. Kweretsa munthu galimoto, akukwera yekha ndi miyendo yake iwe wangochititsa. Kafupi kamakonda kugwira ndi manja, katali kamaima patali pang'ono.

Komanso -its- yemweyu samangotanthauza kukakamiza ayi. Nthawi zambiri amatanthauza kuti ntchitoyo wakugwirira wina. Ndikukasoketsa malaya, sindikusoka ine. Kukonzetsa njinga, kumetetsa, kujambulitsa, kukayezetsa kuchipatala, kulembetsa dzina. Chingerezi pamenepa chimafuna mawu atatu anayi kuti chinene zomwe ife tanena ndi liwu limodzi. Chihindi cha ku India ndiye chinasiyanitsa ndithu, banna ndi kupangika, banana ndi kupanga, banvana ndi kupangitsa kudzera mwa munthu wina, ka -va- kameneko ntchito yake ndi yomweyo. A ku Rwanda anapita nako kwina, kachidutswa komweka amatchulira nako chida, kwandika ndi kulemba, kwandikisha ikaramu ndi kulemba ndi cholembera, pomwe ife pamenepo timagwiritsa kachidutswa kena, kochitira, -er- wa mu kulembera.

Ndiye pali tanthauzo la mphamvu. Gwiritsa! Ukamuuza mwana choncho pa njinga sukunena kuti achititse wina kugwira, ukuti agwire zolimba. Thamangitsa akhoza kukhala kupirikitsa munthu, akhozanso kukhala kuthamanga kwambiri, polemba nchimodzimodzi koma polankhula liwu limakwera kumapeto likakhala la mphamvulo, khutu limadziwa. Tikafuna kutsindika timakabwereza, gwiritsitsa, yang'anitsitsa, onetsetsa. Ndipo imvani iyi, mva mvetsa mvetsetsa. Mshona amati nzwa kumva, nzwisisa kumvetsetsa. Mzulu bona kuona, bonisisa kuonetsetsa. Kumvetsetsa kwa ife tonse ndi kumva kofika pansi penipeni.

Abambo mwakweza dzanja, eya. Funso ndi lakuti kodi kunja kwa Africa ziliko? Ziliko, koma apa tisamale, zilankhulo zomwe nditchulezi si abale athu, maganizo ndi amodzi koma kachidutswa aliyense anapeza kake. Ku Turkey gül ndi seka, güldür ndi seketsa, ye idya, yedir dyetsa, yap panga, yaptır pangitsa, ndipo nawonso kachidutswa kawo kamasintha liwu kutsatira tsinde ngati ife, kungoti iwo ali ndi mitundu inayi pomwe ife tili ndi iwiri. Ku Japan taberu kudya, tabesaseru kudyetsa, iku kupita, ikaseru kupititsa, ndipo kwa iwo mawu omwewo akhoza kutanthauza kukakamiza kapena kungolola kuti apite. Chiquechua cha ku Peru ndi Bolivia chili ndi -chi-, yachay kudziwa kapena kuphunzira, yachachiy kuphunzitsa, mphunzitsi yachachiq, anthu a kumapiri a Andes kuganiza ndendende ngati ife. Pena timasiyana, iwo wañuy kufa, wañuchiy kupha, a ku Turkey öl ndi öldür, kupha kwa iwo ndi kuchititsa kufa, pamene ife tili ndi mawu awiri, kufa ndi kupha, kenako nkuwonjezera kuphetsa pa munthu amene sanagwire mpeni koma imfayo yadzera mwa iye. Ngakhale L. L. Zamenhof popanga chilankhulo chake cha Esperanto mu 1887 anaona kuti popanda kachidutswa kotere zinthu siziyenda, anaika -ig-, pura choyera, purigi kuyeretsa.

Chingerezi nacho chinali nako kalekale koma kanatha mphamvu, kanangosiya zipsera ngati fall ndi fell, kugwa ndi kugwetsa mtengo, sit ndi set, rise ndi raise. Lero chimadalira -en wa mu widen ndi -ize wa mu modernize, koma amenewa amamatidwa ku maina ndi afotokozi, sungatenge mneni aliyense nkumuchititsa ngati mmene timachitira ife. Buy ndi sell, learn ndi teach, mwana wa Chingerezi amaloweza mawu anayi, wathu awiri ndi lamulo limodzi.

Tizidutswa timeneti timasanjikizananso, ndipo tili ndi mzere wake. Manga, mangitsa, mangitsira, mangitsirana. Gulitsa, gulitsidwa. Katswiri wa ku America Larry Hyman mu 2003 anaonetsa kuti m'zilankhulo zambiri za Chibantu mzere umakonda kukhala womwewu, kochititsa patsogolo, kenako kochitira, kenako kochitana, kochitidwa kumapeto, ndipo zitsanzo zake zambiri zinali za Chichewa. Tayesani kunena kuti mangidwitsa mumve mmene zikukanira pakamwa.

Chomwe chimandipweteka ndi pamene wina anena kuti Chichewa nchosauka, sichingakwanitse zinthu zamakono. Achinyamata kumbuyoko, foni ikatha moto mumapita kukatani? Kukachajitsa. Pepala mumakaprintitsa, ena kufotokopetsa, ndipo taonani, chaja watenga -its- chifukwa cha a, fotokope watenga -ets-, mawu obwereka dzulodzuloli alowa m'lamulo lomwe lija popanda komiti iliyonse kukhala pansi. Aswahili anachita zomwezo ndi mawu a Chiarabu, safi nkupanga safisha kuyeretsa, tayari nkupanga tayarisha kukonzekeretsa. Agogo apa akuti sanamve bwino za liza ndi liritsa zija, dikirani ndifufute pabolodi ndilembenso ndi malembo akuluakulu, ndipo wina andipatse mneni wake tiyese naye.