Makalata a Omvera: Ndigule graphics card ina kapena ndiyambe ndadikira?

Takulandiraninso, omvera. Kuno ku Mzuzu kwacha ndi kamvula kowaza kaja, ndiye sendezani wailesi pafupi timve zimene mwatilembera.

Kalata yoyamba yachokera ku Chibavi, kwa mnyamata amene wapempha kuti dzina tisalitchule. Funso lake ndi la graphics card, khadi limene limajambula zithunzi za masewera pa sikirini ya kompyuta. Akuti: "Ndili ndi Dell OptiPlex yaing'ono ija ya mu ofesi, ndinaigula yakale. Muli khadi la GTX 1050 Ti ndi RAM ya 8GB. Masewera a GTA V akuyenda bwinobwino, koma a mpira a EA Sports FC 24 akumadukaduka, makamaka pa kona anthu akadzadza m'bokosi. Mnzanga akugulitsa khadi la RTX 3060. Ndalama ndasunga za ganyu miyezi isanu ndi iwiri. Ndigule?"

Achimwene, ndalamazo zisachoke kaye m'thumba. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi, muchotse chivundikiro cha m'mbali. Muona kabokosi kachitsulo kamene waya wa magetsi amalowerapo, ndiye power supply imeneyo. Pamenepo pali kapepala komata kolemba ma watts. Makompyuta aang'ono a mu ofesi ngati yanuyo kawirikawiri safika n'komwe pa 300. GTX 1050 Ti, yotuluka mu 2016, imangodya 75 watts, ndipo imawakoka pa motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) pomwe yalowapo, n'chifukwa chake inakwana popanda vuto. RTX 3060 imadya 170, imafuna waya wakewake wa mapini 8, ndipo eni ake a Nvidia amalangiza power supply ya 550 watts. Kwa inu wayayo mulibe. Komanso khadilo n'lalitali ndi lonenepa, chivundikiro sichitseka. Mukati musinthe power supply, mupeza kuti za m'makompyuta amenewa zili ndi mapulagi akeake, ya pamsika siingolowa. Mudzapezeka mwagula khadi, kenako bokosi la kompyuta, kenako motherboard, ndalama za ganyu zija zitatha kalekale.

Ndiye chitani izi madzulo ano. Yatsani masewerawo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mulowe pa Performance, museweko pang'ono kenako muone. GPU (khadi lija) ikakhala pafupi ndi 100 peresenti pomwe CPU (ubongo wa kompyuta) ikupuma, pamenepo khadi ndi limene lalemedwa. Koma CPU kapena RAM (mmene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ikadzadza, ngakhale mutagula khadi lodula bwanji kudukadukako sikutha. Ine ndikukayikira RAM. Kompyuta yanu ili pamalire penipeni pa zimene FC 24 imafuna kuti ingoyaka, pomwe opanga ake amalangiza 12GB. Onjezani RAM ina ya 8GB yofanana ndi imene ilimoyo, mutsitse zithunzi zikhale pa medium. Zimenezi n'zotchipa kutalitali, ndipo zotsalazo muzisungabe mpaka mudzathe kumanga kompyuta yonse bwinobwino. Miyezi isanu ndi iwiri ya thukuta ndiyosafunika kuthera pa chinthu chokhala m'katoni.

Ina yachokera kwa mayi wa ku Luwinga. Akuti mwana wawo wakhoza bwino Fomu 4, ndipo akufuna kumugulira khadi lakale kwa munthu amene amabweretsa katundu kuchokera ku Dar es Salaam. Akufunsa ngati zakale n'zodalirika.

Amayi, choyamba tikuyamikireni. Zakale zilipo zabwino ndithu, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri tikudalira zomwezo. Koma dziwani kuti makhadi ambiri anagwirapo ntchito yokumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti, usana ndi usiku mpaka ntchitoyo itatha mu September 2022, ndipo ena anatopa. Musagule lili m'pulasitiki. Wogulitsayo aliike mu kompyuta mwana wanu ali pomwepo, asewere theka la ola. Mverani mafani ake: akamakwecha kapena lina likamaima, lisiyeni. Yang'anani pa sikirini ngati pakutuluka timadontho kapena timizere tachilendo. Kutentha kukamapitirira madigiri 85, lisiyeninso. Ndipo mwanayo ayambe wawerenga kapepala ka ma watts kaja monga ndawauzira achimwene a ku Chibavi.

Chinanso, amayi, pa ndalama mwakonzazo patulanipo ya UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi akazima), kapena surge protector (choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu) ngati thumba lakana. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kompyuta yolumikizidwa pakhoma mwachindunji ndi imene imayamba kupsa. Mudzatilemberenso mutiuze khadi limene mwapeza.