Kodi mayiko olemera azithandiza osauka?

Zikomo bambo wapampando. Amayi ndi abambo, achinyamata, ndi inu mwakhala kumbuyoko, ngati mawu sakufika mukweze mkono.

Ndinenerethu mbali yanga kuti musavutike kuganizira: ine ndikuti mayiko olemera azithandiza. Koma otsutsa thandizo si anthu opusa, ndifika kwa iwo.

Tiyambe ndi nthomba. Achinyamata simunaione, mumangomva dzina. Funsani agogo anu za munthu amene anapulumuka nthendayi, nkhope yonse ili mabowomabowo, wina maso atachita khungu. Mu 1967 bungwe la WHO linalimbikitsa ntchito yofuna kuithetsa padziko lonse. America inaika ndalama, Soviet Union inapereka katemera wochuluka, pamene awiriwa sankamwerana madzi. Wodwala womaliza kuitenga mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 analengeza kuti nthomba yatha. Tsono taonani: olemerawo nawonso anasiya kugula katemera wa ana awo, ndalama zimene anaika zinabwerera kalekale. Kupatsa n'kuika. Matenda safunsa pasipoti pachipata.

Nanga Edzi? Cha m'ma 2000, mankhwala otalikitsa moyo ankadya madola pafupifupi 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Ndi boma liti losauka likanakwanitsa? Mtengo unatsika makampani a ku India atayamba kupanga mankhwala omwewo motchipa, kenako Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, inakhazikitsidwa mu 2002, ndipo mu 2003 pulezidenti wa America George W. Bush anayambitsa PEPFAR, ndondomeko yothandiza mayiko ena kulimbana ndi Edzi. Anthu amene abale awo anali atataya mtima anadzuka pamphasa n'kubwerera kuntchito. Wina akamati thandizo silinaphulepo kanthu, ameneyo sanalowe m'wodi ya chipatala zaka zimenezo.

Palinso lonjezo. Mu 1970, ku United Nations, anagwirizana kuti dziko lolemera lizipereka 0.7 peresenti ya chuma chomwe limapeza pachaka. Ndiye kuti pa madola 100 alionse, masenti 70 okha. Zaka zoposa 50 zadutsa, okwaniritsa ndi owerengeka, monga Norway, Luxembourg ndi Denmark. Mu 2023 thandizo lonse la mayikowa linali madola pafupifupi 220 biliyoni, kungopitirira pang'ono theka la lonjezo lija. Gawo lina la ndalamazo silichoka n'komwe kwawoko, limathera posamalira anthu othawa nkhondo amene afika m'mayiko mwawo. Anthu wamba ogwira ntchito kunja, otsuka mbale ndi osamalira okalamba, amatumiza kwa abale awo ndalama zoposa pamenepo pafupifupi katatu.

Ndipo mawu oti chifundo ine sandisangalatsa kwenikweni. Africa yonse imatulutsa mpweya wosintha nyengo wosafika 4 peresenti ya wadziko lonse, koma chilala ndi namondwe zikabwera sizisankha amene anawotcha malasha. Mnzako akayatsa moto kwake, motowo n'kulumphira pa denga lako, akakubweretsera zomangira sunena kuti wakuchitira chifundo. N'chifukwa chake ku msonkhano wa zanyengo wa ku Sharm el-Sheikh ku Egypt mu 2022 anavomera kukhazikitsa thumba lolipirira zowonongeka.

Tsopano otsutsa aja. Iwo amati, taonani Mobutu. Analamulira Zaire, imene lero ndi DR Congo, kuyambira 1965 mpaka 1997, mayiko a azungu akumuthira ndalama chifukwa ankadana ndi chikomyunizimu. Iye akumanga nyumba yachifumu ku Gbadolite, misewu ya dziko ikumera tchire, ndipo ngongole inatsalira anthu amene sanadyepo kanthu. Opereka ankadziwa. Amatinso thandizo lambiri limabwera litamangidwa chingwe: tikupatsani ndalama, koma magalimoto mugule kwathu, akatswiri mulembe athu. M'zaka za m'ma 1980, IMF ndi World Bank zinkabwereketsa ndalama pokhapokha boma litachepetsa zomwe limaika m'ntchito zothandiza anthu n'kugulitsa makampani ake, ndipo m'mayiko ambiri osauka ndi amene analira.

Koma mfundo yawo imene imandisowetsa tulo ndi iyi. Boma limene limayendera misonkho ya anthu ake limaopa anthuwo, chifukwa akakwiya thumba liuma. Boma limene theka la bajeti yake likuchokera kunja limaopa ndani? Nduna imathamangira kukakumana ndi kazembe, lipoti lokongola limalembedwa m'Chingerezi kupita kutsidya kwa nyanja, koma mayi amene wapeza mjigo utafa sadziwa n'komwe kuti akafunse ndani. Anabwera anthu, anakumba, anajambula zithunzi, anapita. Kachitsulo kakang'ono kakathyoka, mjigo umakhala chipilala.

Pamenepa sindikutsutsa. Chimene ndikukana n'choti mankhwala ake ndi kusiya kuthandiza. Europe yomwe inadzuka ndi thandizo itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse: kuyambira 1948 America inapereka madola pafupifupi 13 biliyoni kudzera mu Marshall Plan, kwa zaka zinayi, ntchito yake yodziwika, tsiku lotha lodziwikanso. South Korea inatuluka m'nkhondo mu 1953 ili bwinja, inalandira thandizo kwa zaka zambiri, inaika mphamvu pa sukulu ndi mafakitale, ndipo mu 2010 inalowa m'gulu la mayiko opereka thandizo. Kumeneko wolandira ndi amene anagwira chiwongolero, ndipo ankadziwa kuti mlendo ndi mame.

Kusiya kulinso ndi kasiyidwe kake. Britain inatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 mu 2021, ndipo mu 2025 inalengeza kuti itsitsanso mpaka 0.3 kuti ndalama zipite ku zankhondo. Mu Januwale chaka chomwecho boma la America linaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, kenako USAID, bungwe lake lopereka thandizo kunja, inatsekedwa. Akananena kuti tikukupatsani zaka zisanu, chaka chilichonse muziwonjezera gawo lanu, maboma akanasowa pothawira, akanayenera kukonzeka. Koma munthu wakumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku sungamuuze kuti adikire miyezi itatu akuluakulu akambirane kaye. Amafika pachipatala m'mawa, kabuku kali m'manja, apeza chitseko chokhoma, namwino nayenso wauzidwa dzulo lake kuti akhale kunyumba.

Ndiima kaye pamenepa. Mayi aku kona uko munakweza mkono kalekale, funsani.